Mabungwe Oteteza Zachilengedwe ku Mzuzu ndi Madera Ozungulira

Mzinda wa Mzuzu, womwe ndi likulu la chigawo cha kumpoto kwa Malawi, uli pamwamba pa mapiri a Viphya, pamalo ozizira ndi a mvula yambiri, ndipo pafupifupi msewu uliwonse wotuluka mumzindawu umakafika ku malo otetezedwa ndi lamulo. Kum'mawa, njira yotsikira ku Nkhata Bay imalambalala nkhalango yachilengedwe ya Kaning'ina. Kumwera, msewu wa M1 umapyola nkhalango ya paini ya ku Chikangawa. Pomwe kumpoto, munthu akadutsa ku Rumphi, amapeza paki ya Nyika ndi malo osungirako nyama a Vwaza. N'chifukwa chake mabungwe ambiri oteteza zachilengedwe m'chigawochi ali ndi maofesi ku Mzuzu, kapena amadalira mzindawu pa mabanki, misonkhano, mabwalo a milandu ndi antchito ophunzira, ena mwa iwo ochokera ku yunivesite ya Mzuzu komwe kumaphunzitsidwa za nkhalango.

Mawu akuti bungwe lachifundo, kapena bungwe lomwe si laboma monga amanenera pa wailesi ndi m'nyuzipepala, amatanthauza gulu lokhazikitsidwa mwalamulo lomwe siligawira eni ake phindu, koma limayendera ndalama zoperekedwa ndi anthu akufuna kwabwino, mipingo, makampani kapena maboma akunja. Chofunika kuchimvetsa poyambirira n'chakuti bungwe lotere si mwini wa nkhalango kapena nyama, pakuti nkhalango zotetezedwa zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nkhalango, mapaki ali m'manja mwa nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, pomwe malo a m'midzi amayang'aniridwa ndi mafumu. Bungwe lachifundo silingagamule mlandu, silingakhazikitse lamulo, ndipo silingagawe malo, kotero chilichonse chomwe limachita limachitira mwa ena, ndipo mphamvu zake ndi kufooka kwake zonse zimachokera pamenepa.

Lakale kwambiri mwa mabungwe oteteza zachilengedwe m'dziko muno ndi la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lodziwika mwachidule kuti WESM, lomwe linayamba mu 1947 ndi dzina loti Nyasaland Fauna Preservation Society. Oliyambitsa anali azungu a m'nthawi ya atsamunda omwe ankadandaula kuti nyama zikuluzikulu zikutha, ndipo maso awo anali pa nyamazo kusiyana ndi pa anthu okhala nazo moyandikana. Pang'onopang'ono bungweli linasintha dzina, utsogoleri ndi cholinga, linatsegula nthambi m'mizinda ingapo kuphatikizapo Mzuzu, ndipo linadziwika kwambiri ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu, komanso magazini ya ana yotchedwa Nantchengwa. Dzinali linasankhidwa bwino, chifukwa nantchengwa ndi mbalame yomanga chisa chachikulu yomwe makolo ankaletsa ana kuiputa kapena kuiphwasulira chisacho, ndipo zimenezi zimakumbutsa kuti kuteteza zachilengedwe sikunabwere ndi mabungwe. Mpaka lero, m'madera ambiri momwe mitengo inatha, msitu wokha wotsala ndi wa kumanda, womwe umasungidwa popanda mlonda kapena ndalama ya kunja, koma ndi ulemu wa anthu ndi mawu a mfumu.

Minyanga 781 ndi kusintha kwa lamulo

Mu May 2013, ogwira ntchito ku bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority anaimitsa lole yochokera ku Tanzania pamsewu wa M1 m'chigawo cha kumpoto, ndipo pansi pa matumba a simenti anapezapo minyanga ya njovu 781 yolemera matani 2.6, kutanthauza kuti njovu pafupifupi 400 zinaphedwa kuti katunduyo akwane. Mlandu unazengedwa ku bwalo lalikulu la milandu ku Mzuzu, ndipo mu 2015 abale awiri omwe anapezeka olakwa analamulidwa kulipira chindapusa cha K2.5 miliyoni aliyense, ndalama yomwe inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa minyangayo m'misika yozembera ya ku Asia. Boma la Tanzania linapempha kuti minyangayo isawonongedwe msanga poti linkaifuna ngati umboni pa milandu ya kwawo, koma nthawi yomwe khoti linapereka itatha, mulu wonsewo unatenthedwa ku Mzuzu mu March 2016.

Chigamulo cha mlanduwu chinaonetsa poyera kuti vuto silinali pa kugwira ozembetsa kokha, koma palamulo lomwe linkaona kuzembetsa minyanga ngati mlandu waung'ono, moti zigawenga zinkatenga Malawi ngati njira yotchipa yodutsitsira katundu wochokera m'mayiko oyandikana nafe. Bungwe la Lilongwe Wildlife Trust, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za mapaki komanso aphungu ena a Nyumba ya Malamulo, linathandiza pa ntchito younikanso lamulo la mapaki ndi nyama zakutchire, ndipo lamulo lokonzedwalo, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2017, linakweza chilango cha milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri, monga njovu, chipembere ndi ngaka, kufika zaka 30 kundende. Bungweli linayambanso kutumiza anthu okakhala m'makhoti kukalemba momwe milandu ya nyama ikuyendera, kuti mafayilo asamasowe ndipo milandu isamangozizira. Ntchito imeneyi ilibe chithunzi chokopa maso ngati cha njovu yonyamulidwa pa galimoto, koma mwa zonse zomwe mabungwe achita m'zaka zapitazi, ili m'gulu la zomwe zinabala zipatso zambiri ndi ndalama zochepa, chifukwa inalimbitsa chida chomwe chimatsala m'dziko ngakhale bungwelo litachoka.

Nyika ndi Vwaza

Paki ya Nyika ndi yoyamba kukhazikitsidwa m'Malawi, mu 1965, ndipo itakulitsidwa mu 1978 inafika makilomita oposa 3,000 m'bwalo lake lonse, kukhala yaikulu kuposa mapaki ena onse m'dziko muno. Pamwamba pake pali zitunda za udzu zopanda mitengo yambiri, momwe mumadya mbidzi, ntchefu, chilembwe ndi mphoyo, ndipo m'nyengo ya dzinja mumaphuka mitundu yoposa 200 ya maluwa a mtundu wa chinaka. Zinaka zina zimakumbidwa mozembera chifukwa cha timbatata take tomwe amapangira chikande, ndiwo yomwe ili ndi msika waukulu ku Zambia, ndipo kukumba kumeneku n'kovuta kuthana nako kuposa kupha nyama, popeza wokumbayo sanyamula mfuti ndipo nthawi zambiri amakhala mayi kapena mnyamata wofuna ndalama ya sopo. Kumwera chakumadzulo kwa Nyika kuli Vwaza, dera lotsika ndi lotentha lomwe lili ndi nyanja yaing'ono ya Kazuni, momwe mumasonkhana mvuu, njovu ndi njati.

Mbiri ya malo awiriwa ili ndi bala lomwe bungwe lililonse logwira ntchito kumeneko limakumana nalo. Pokulitsa paki ya Nyika, mabanja ambiri anasamutsidwa m'midzi ya makolo awo, nasiya minda, manda ndi malo opembedzerako, ndipo ena anakakhala m'madera otsika pafupi ndi Vwaza komwe kuli kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera omwe mpaka pano amapezeka m'boma la Rumphi. Mdzukulu wa munthu wosamutsidwa moteroyo, njovu zikamudyera chimanga usiku umodzi wokha, sangamve msanga uthenga woti nyama ndi chuma cha dziko. Pofuna kuchepetsa udaniwu, midzi yozungulira inapanga bungwe lawo la Nyika-Vwaza Association, lomwe limalandira gawo la ndalama zomwe malowa amapeza n'kumangira zitukuko, ndipo anthu analoledwa kulowa pa nthawi zoikika kukamweta udzu wofolera, kukapha nsomba ndi kukapachika ming'oma ya njuchi. Bungwe lina laling'ono, la Nyika-Vwaza Trust, lomwe limatolera ndalama ku Britain, kwa zaka zambiri linathandiza kukonza misewu ndi milatho ya m'paki komanso kutentha udzu mwadongosolo kumayambiriro kwa chilimwe, udzuwo usanaumitse, kuti moto wolusa wa mu September ndi October ukafika upeze podukira usanalowe m'timisitu ta m'zigwa.

Ndalama zazikulu zinabwera ndi Peace Parks Foundation, bungwe lochokera ku South Africa lomwe cholinga chake n'kulumikiza malo otetezedwa a mayiko oyandikana, poti nyama sizidziwa malire. Mu July 2015 Malawi ndi Zambia anasainirana pangano loyendetsera limodzi malo a m'malire, kuphatikizapo Nyika ndi Vwaza. Mu 2017 njovu 34 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Nyika. M'malire a Vwaza munamangidwa mpanda wa magetsi oyendera dzuwa wotchinga njovu kuti zisalowe m'minda. Ndipo mu June 2023 boma linasainirana ndi bungweli mgwirizano wa zaka 20 woyendetsera limodzi malo awiriwa. Njira yofanana ndi imeneyi ndi yomwe bungwe la African Parks linatsata ku Majete kuyambira 2003, komanso ku Liwonde ndi Nkhotakota kuyambira 2015.

Kaning'ina ndi thumba la makala

Koma malo omwe moyo wa Mzuzu umadaliradi tsiku ndi tsiku si Nyika ayi, ndi Kaning'ina, nkhalango yomwe ilibe njovu, ilibe malo ogona alendo okaona nyama, ndipo dzina lake silidziwika kunja kwa dziko lino. Mvula yogwa m'nkhalangoyi ndi yomwe imadzaza damu la pamtsinje wa Lunyangwa, komwe bungwe la Northern Region Water Board limapopa madzi a m'mipopi ya mumzinda. Nkhalango imasunga madzi motere: masamba amachepetsa mphamvu ya madontho a mvula, zinyalala zowolerana pansi zimamwa madziwo ngati chinkhupule, ndipo mizu imatsegula njira zoti alowe m'nthaka, kenako n'kumatuluka pang'onopang'ono mu akasupe m'miyezi yachilimwe. Mitengo ikachoka, madzi a mvula amathamanga pamwamba atanyamula dothi, mtsinje umasefukira m'dzinja n'kuphwera msanga m'chilimwe, matope amakwirira damu kotero kuti limasunga madzi ochepa, ndipo mankhwala oyeretsera madzi amafunika ochuluka, zomwe pamapeto pake zimaonekera pa bilu ya madzi ya munthu wa ku Katoto kapena ku Luwinga.

Chomwe chikudya nkhalangoyi ndi mzinda womwewo umene imaumwetsa. Mzuzu unayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ngati kamudzi ka ogwira ntchito pa esiteti ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung, unakhala mzinda mu 1985, ndipo chiwerengero cha anthu ake chinachoka pa 44,000 mu 1987 kufika pa 87,000 mu 1998, kenako kupitirira 221,000 pa kalembera wa 2018. Anthu onsewa amafunika malo omangapo, njerwa zowotcha ndi moto wophikira, ndipo zitatu zonsezi zimatengedwa kumtengo. Nyumba zakwera m'zitunda ndi kutsikira m'madambo momwe kale munkaima madzi, ndipo mvula yamphamvu ya mu April 2016, yomwe inagwetsa nyumba zambiri mumzindawu ndi kupha anthu, inaonetsa mtengo wa kumanga pamalo otsetsereka opanda chogwira nthaka.

Makala ndi omwe ali pamtima pa vutoli. M'Malawi, mabanja oposa 97 mwa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo m'mizinda ngakhale nyumba zomwe zili ndi magetsi zimasunga mbaula pakhonde chifukwa cha kuzimazima kwa magetsiwo, monga zinachitikira kwa nthawi yoposa chaka namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Wootcha makala amasankha mitengo yachilengedwe ya miombo chifukwa makala ake ndi olemera ndipo sanyeka msanga; amaigwetsa, amaidula zipika, amaziunjika mwadongosolo, amazifunditsa udzu ndi dothi n'kusiya kabowo koyatsira, ndipo uvuniwo umafuka masiku angapo iye akuulondera kuti dothi lisagumuke n'kulowetsa mpweya wambiri womwe ungasandutse zonse phulusa. Mwa makilogalamu khumi a nkhuni, uvuni wadothi wotere umatulutsa kilogalamu imodzi kapena ziwiri zokha za makala. Kusanache, njinga zimatsika kulowa mumzinda zitasenza matumba awiri kapena atatu, lililonse litawonjezeredwa mutu wolukidwa ndi timitengo ndi luzi, mwini wake akukankha wapansi pa zitunda chifukwa kupalasa sikutheka. Pofika masana makalawo amakhala atagawidwa m'timajumbo ndi m'timilu m'misika ya ku Chibavi, Zolozolo ndi Mchengautuwa, momwe mayi amagula ongokwanira kuphikira nsima ya tsiku limenelo.

Munthu wokankha njingayo ndi amene amagwidwa pa rodibuloko, koma si iye amapeza phindu lalikulu, ndiponso si iye amayambitsa msikawo. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha ndi kugulitsa makala popanda chiphaso, ndipo ndondomeko ya boma ya makala ya 2017 mpaka 2027 inavomereza kuti kulanda matumba kokha sikungathetse vuto pokhapokha anthu a m'tauni atapeza china chophikira. Pulojekiti ya Modern Cooking for Healthy Forests, yomwe inayamba mu 2019 ndi thandizo la maboma a America ndi Britain, inayesa kugwira mbali zonse ziwiri, kulimbikitsa gasi, mbaula zosunga moto ndi makala a chiphaso m'mizinda, komanso kasamalidwe ka nkhalango zingapo kuphatikizapo Kaning'ina ndi Perekezi. Ku Kawandama, m'mapiri a Viphya, kuli kampani yomwe imaotcha makala ovomerezeka kuchokera ku mitengo yobzalidwa ya mtundu wa bulugamu. Komabe silinda ya gasi imafuna ndalama zambiri nthawi imodzi, pomwe kajumbo ka makala kamafuna zochepa tsiku lililonse, ndipo kwa banja lodalira ganyu, fodya wake ndi yemwe ali pamphuno.

Mabungwe angapo ang'onoang'ono asankha kugwira ntchito m'midzi momwe nkhuni ndi makalawo zimachokera. Ripple Africa, lomwe linayambitsidwa mu 2003 ndi Geoff ndi Liz Furber a ku Britain ndipo likulu lake lili ku Mwaya m'boma la Nkhata Bay, limadziwika ndi mbaula yotchedwa Changu Changu Moto. Mbaulayi imamangidwa pansi m'khitchini ndi njerwa zosawotcha ndi dothi lopondedwa, ili ndi malo awiri okhazikapo mapoto, ndipo moto umayaka m'kabowo kotsekeka m'mbali kotero kuti kutentha kumalunjika pansi pa poto m'malo mothawira mumphepo monga zimachitikira pa mafuwa atatu. Malinga ndi bungweli, banja lomwe linkatha mitolo itatu ya nkhuni pa sabata limatha umodzi wokha, zomwe zimapepukitsa amayi ndi atsikana omwe amasenza mitoloyo, zimachepetsa utsi m'maso ndi m'chifuwa, komanso zimateteza ana okwawa kuti asagwere pamoto. Ubwino wake waukulu n'ngwakuti ilibe chitsulo chogula m'sitolo, choncho ikang'aluka mwini wake amaimata yekha ndi dothi la pakhomo pomwepo. Bungwe la Temwa, lomwe linayambanso mu 2003 ndipo dzina lake ndi mawu a Chitumbuka onena za chikondi, lili ndi ofesi ku Mzuzu ndipo limagwira ntchito m'madera ovuta kufikako a kumpoto kwa Nkhata Bay monga Usisya, komwe limaphatikiza kubzala mitengo ndi ulimi wosamala nthaka, poona kuti mlimi yemwe munda wake waguga ndi amene amakatsegula wina m'phiri. Wells for Zoë, bungwe lochokera ku Ireland lomwe linayamba mu 2005 ndi ntchito yoika mapampu pa zitsime za m'midzi yozungulira Mzuzu, nalonso linalowa m'ntchito yobzala mitengo, ndipo kulumikizana kwa ziwirizi n'koonekeratu, popeza chitsime chimatunga madzi omwe mitengo inalowetsa m'nthaka.

Pa nkhani yobzala mitengo pali chinthu chomwe chiyenera kunenedwa mosabisa. Opereka ndalama amakonda chiwerengero cha mbande zobzalidwa chifukwa n'chosavuta kuwerenga ndi kulemba mu lipoti, koma mbande yomwe yaikidwa m'dzenje mu January siinakhale mtengo; iyenera kupulumuka ku chiswe, mbuzi, udzu woiphimba ndi moto kwa zaka zitatu kapena kuposerapo, ndipo chiwerengero cha zopulumuka ndi chomwe chimanena zoona. Kuwonjezera apo, paini ndi bulugamu, zomwe zimakula msanga ndipo zimapatsa mlimi matabwa ndi milimo, sizilowa m'malo mwa nkhalango yachilengedwe, chifukwa pansi pake sipamera bowa wa m'miombo, sipagwa masuku, njuchi sizipezapo maluwa amitundumitundu, ndipo bulugamu wobzalidwa m'mbali mwa kasupe amamwa madzi ambiri. Miombo ili ndi khalidwe lomwe limaposa nazale iliyonse: ikadulidwa, chitsa ndi mizu zimakhala zamoyo ndipo zimatulutsa mphukira, zomwe zimakula msanga poti mizu yake inazama kale. Kusamala mphukira, komwe ndi kupatulira n'kusiyako ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chilichonse, kulambula njira zotchinga moto ndi kuletsa ziweto, kumabwezeretsa msitu ndi ndalama zochepa kwambiri, ndipo ngati Malawi ati ayandikire lonjezo lake lobwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030, gawo lalikulu liyenera kuchokera m'njira imeneyi.

Chikangawa ndi umboni woti kubzala kokha sikukwanira. Nkhalango ya Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inabzalidwa ndi boma poyembekezera fakitale ya zopangira mapepala yomwe sinamangidwe, ndipo patapita zaka mbali yake yaikulu inatha ndi macheka ndi moto mofulumira kuposa momwe inkabzalidwiranso, moti apaulendo a pa M1 anaona mapiri omwe kale anali akuda ndi paini atasanduka zitsa zokhazokha. Mtengo womwe aliyense amauona ngati wa boma umakhala wopanda mwini pa tsiku la moto.

Apa ndi pomwe ntchito ina ya mabungwe, yosaoneka kwenikweni, imakhala yofunika. Lamulo la 1997 limalola midzi kupanga makomiti oyang'anira zachilengedwe, kupatula nkhalango ya mudzi, ndi kuchita mgwirizano ndi boma wosamalira limodzi mbali ya nkhalango yotetezedwa posinthana ndi ufulu wotolamo nkhuni zouma, bowa, uchi ndi mankhwala. Komiti yotere imafuna wina woithandiza kulemba malamulo ake, kuwapititsa kwa gulupu, kwa mfumu yaikulu ndi ku khonsolo ya boma kuti avomerezedwe, komanso kusunga kaundula wa zindapusa kuti ndalama zisadyedwe ndi anthu ochepa. Ripple Africa inatsata njira imeneyi kunyanja, komwe makomiti a asodzi anapatsidwa mphamvu zoteteza malo oswaniramo chambo, kulemekeza nyengo yotseka usodzi ndi kulanda masikito omwe ena ankakokera tinsomba tosakhwima. Msodzi amamvera lamulo lomwe anakhalapo polikambirana pansi pa mtengo ndipo wolilondera ndi mnansi wake, kusiyana ndi lomwe limabwera pa galimoto kamodzi pa chaka. Zoona zake n'zakuti makomiti ena amangokhalapo pa nthawi ya alawansi ya misonkhano, ndipo pulojekiti ikatha nawonso amatha; omwe amakhalitsa ndi omwe mamembala ake amaona phindu logwirika, monga uchi wogulitsa kapena kasupe yemwe wayambanso kutuluka.

Ndalama ndi nthawi

Pafupifupi mabungwe onse atchulidwawa amadalira ndalama zochokera kunja, ndipo akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mapulojekiti ambiri amakhala a zaka zitatu kapena zisanu, pomwe mlombwa kapena mbawa zimafuna zaka makumi angapo kuti zikhwime. Kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lodzera ku USAID, ntchito zambiri za chitukuko m'Malawi zinaima pakati, ogwira ntchito anachotsedwa, ndipo midzi ina inatsala ndi malonjezo osakwaniritsidwa. Pofunafuna ndalama zokhalitsa, mabungwe ena alowa m'malonda a kaboni, momwe kampani ya kunja yotulutsa mpweya woipa imalipira anthu omwe ateteza nkhalango kapena achepetsa nkhuni zophikira, potengera kuchuluka kwa mpweya womwe akuti waletsedwa kupita mumlengalenga. Bungwe la Total LandCare, lomwe ndi la m'Malawi momwemuno, linathandiza kukhazikitsa pulojekiti yotere yotchedwa Kulera m'midzi yozungulira Nyika, Vwaza ndi Nkhotakota. Malonda amenewa angathe kubweretsa ndalama kwa zaka zambiri, koma mawerengedwe ake ndi ovuta kuti mlimi awatsatire, mtengo wake umakhazikitsidwa m'misika yakutali, ndipo anthu a m'mudzi ali ndi ufulu wofunsa kuti mwa ndalama zonse zogulitsidwazo, zofika m'manja mwawo ndi zingati.

Poyerekeza malo awiri omwe afotokozedwa m'nkhani ino, kusiyana kwake n'koonekeratu. Nyika ndi Vwaza ali ndi mgwirizano wa zaka 20, chifukwa njovu ndi mbidzi zimakopa mitima ya opereka ndalama ku Ulaya, pomwe Kaning'ina, yemwe amamwetsa anthu oposa 200,000, amadalira alonda ochepa a nthambi ya nkhalango, mapulojekiti obwera n'kupita, ndi mitengo yomwe Northern Region Water Board, masukulu, mipingo ndi magulu ena amabzala m'dzinja. Sikuti ndalama zopita ku Nyika n'zotayika, pakuti nakonso kumachokera mitsinje yomwe imathirira minda ya ku Rumphi ndi Karonga ndi kupukusa makina a magetsi a pa Wovwe. Koma nkhalango ya pakhomo pa mzinda ili ndi anthu oipindulira omwe ali pafupi, amadziwika ndi maina, ndipo amalipira bilu mwezi ndi mwezi, kotero ndi yomwe ingathe kutetezedwa ndi ndalama za eni dera popanda kudikira mlendo.

Nyengo yobzala mitengo m'Malawi imatsegulidwa pa 15 December n'kutsekedwa pa 15 April, ndipo m'miyezi imeneyi ku Mzuzu sikusowa miyambo, zikwangwani ndi akuluakulu ogwira khasu pamaso pa atolankhani. Miyezi yomwe imagamula ngati mbandezo ndi mphukira za ku Kaning'ina zikhale ndi moyo ndi ya August mpaka November, udzu utauma ndipo osaka mbewa ndi ootcha makala akuyatsa moto m'tchire. Ntchito ya nthawi imeneyo ndi yolambula njira zotchinga moto zisanafike mphepo za chilimwe, kupalira mozungulira mtengo uliwonse waung'ono, ndi kulipira anthu a m'midzi yoyandikana kuti azilondera usana ndi usiku, ndipo ndi ntchito imeneyi yomwe kawirikawiri imapezeka kuti ilibe ndalama m'bajeti ya bungwe, ya khonsolo ngakhale ya boma.